Chipinda cha Nswala

"Musayang'ane kaye! Tsinzinani mpaka tikhote pa bokosi la makalata," anatero a Noreen, manja onse awiri ali pachiwongolero.

"Ndatsinzina mokwana kuchipatala kuja, mayi. Ndisiyeni ndione dziko," anayankha amuna awo, a Arvid Skogen, ali kumpando wakumbuyo, mwendo umene madokotala anauika bondo lachitsulo atautambasula.

Galimoto itakhota, a Arvid anaona chimene ankabisiridwacho. Pambali pa khola lakale la ng'ombe panali mulu wa nkhuni wosanjidwa bwino ngati khoma, wotalika kupitirira munthu. A Lyle, mlongo wa a Noreen, anaima pomwepo atakoleka zala m'lamba, macheka a injini ali pamapazi awo, mano onse pamtunda.

"Alamu, takulandirani! Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinati kalumo kachepa, ndinadza ndi macheka."

A Arvid sanaseke. Anatsitsa galasi pang'onopang'ono.

"Nkhuni zonsezi zachokera kuti?"

"Kuchigwa kuja, kuseri kwa munda," anatero a Noreen mokondwa. "Mitengo ija inagwa ndi mphepo, ili mbwee, ina yothyoka pakati. Ndinati munthu wa bondo lodwala sangalimbane nayo. Tayeretsa monsemo. Pano mukhoza kuyendamo ndi nsapato za kutchalitchi."

A Arvid anaponya maso kuchigwako. Kuchokera pabwalo, munthu ankatha kuona mpaka pamwamba pa phiri, chinthu chimene sichinachitikepo kwa zaka zambiri.

Mitengo ija sinagwe ndi mphepo. Kwathu kuno munthu wofuna kuti nswala zikhazikike pamalo ake amadula mitengo ing'onoing'ono theka lokha, cha m'chiuno umu, n'kuikankha kuti igone pansi khungwa lisanaduke. Mtengo wotero suuma. Umaphuka uli chigonere, n'kulukana ndi unzake mpaka pamakhala ziyangoyango zoti munthu sangadutse, koma nswala imagonamo mtima uli m'malo. A Arvid anagwira ntchito imeneyo nyengo zozizira zingapo, okhaokha, chipale chofewa chikuwafika m'mawondo. Malowo ankawatcha chipinda cha nswala, ndipo iwo omwe sankapondamo nthawi ya ulenje. Chaka chathacho, nswala yamphongo ya nyanga zotambalala ndi khutu long'ambika inali itayamba kugona momwemo.

Koma tinene zoona, zonsezi akazi awo anali asanawauzepo. A Arvid anali munthu wa mawu owerengeka, wa mtundu uja umene umaganiza kuti zimene zili m'mutu mwake dziko lonse likuzidziwa. Zimene anauza a Noreen atangowakwatira zinali zakuti, "Kuchigwa kuja musamapiteko," basi.

Anatuluka m'galimoto movutikira, akukana dzanja la aliyense.

"Munafunsa ndani?"

"Ndimati ndikudabwitseni."

"Mwandidabwitsadi. Safunsa anadya phula, koma inu phula lanulo mwandidyetsa ine." Analoza kuchigwa ndi chala. "Malemu akazi anga a Bernice anakhala pano moyo wawo wonse, sanakhudzepo ngakhale kanthambi. Inu mwangobwera dzulodzuloli ndi sopo wanu wonunkhira uja, mwandithamangitsira chilichonse. Pamalo pano pali zinthu zomwe si zanu, Noreen."

A Lyle anatola macheka awo mwakachetechete n'kukawaika m'galimoto yawo. A Noreen anaima pamenepo atanyamula chikwama cha mankhwala a amuna awo, nkhope itatentha ndi manyazi. Analowa m'nyumba n'kukatenthetsa msuzi umene anaphika kuti alandirire wodwala.

Nkhani ya sopoyo inali ndi chiyambi chake. A Noreen anali mayi wa m'tauni ya La Crosse, wamasiye, amene anagwira ntchito yophika pasukulu mpaka kupuma. Anakumana ndi a Arvid pa chakudya cha mpingo, nakwatirana onse imvi zili mbuu. Mwezi woyamba womwewo anapeza zovala za ulenje zili m'bokosi pamodzi ndi masamba ouma ndi dothi, nazichapa bwinobwino ndi sopo wonunkhira maluwa, kuzisita ndithu. A Arvid anaziyanika panja mpaka mvula inazichotsa fungo, osanena kanthu. Kuyambira pamenepo, nyengo ya ulenje ikafika ankasamba ndi sopo wawowawo wopanda fungo, ndipo akazi awo akawayandikira m'khitchini iwo ankabwerera m'mbuyo pang'ono. A Noreen ankaseka nazo, koma zinkawabaya.

Madzi akatayika saoleka. Chilimwe chonsecho awiriwa anakhala mwaulemu ngati anthu okumana pa depoti. A Noreen ankawapititsa amuna awo kokalimbitsa bondo, kuwaphikira, kuwachapira. A Arvid ankathokoza pa chilichonse, kuthokoza kuja kumene kumapweteka kuposa chipongwe. Za chigwa panalibe anazitchula. Mulu wa nkhuni unangokhala pomwepo, aliyense akuulambalala ndi maso.

Masamba atayamba kufiira, a Noreen ananena maganizo awo ali mkati mosenda maapozi.

"Achimwene akuti chipinda chawo chapamwamba chilibe munthu. Ndikamaliza kuika maapoziwa m'mabotolo, adzanditenga. Loweruka loyamba la Novembala."

A Arvid anaika kapu ya khofi patebulo. "Palibe wakuthamangitsani."

"Palibenso wandiuza kuti ndikhale. Ndinamva kwa anthu kuti nswala munazipangira chipinda kuchigwa kuja, Arvid. Changa ine pano ndi chiti?"

A Arvid anadzuka patebulo. Anatenga chipewa n'kupita kuseri kwa khola kumene kunali chandamale, nakaponya mivi mpaka phewa linawawa. Mumtima anali ndi mantha aakulu, mantha a munthu amene anakhalapo kale yekha m'nyumba imeneyo ndipo akudziwa mmene wotchi imamvekera.

Ulenje nawo chaka chimenecho unawakana. Kuchigwa sankafuna n'komwe kuyang'anako, choncho ankapita mbali ina, ku kadimba ka kolova, udzu uja nswala zimaukonda, kamene anadzala m'mphepete mwa nkhalango. Mtengo wodikiriramo nyama sakanathanso kukwera. Uta umafuna kuti nyama ifike pafupi, poti munthu aone nthiti zikupuma, ndiye iwo ankayenda chotsimphina, ndodo ikuswa masamba ouma, tswa tswa, dera lonse likumva kuti mkulu uja wabwera. Asanakhale n'komwe, nswala ina inkafwenthera kuthengo, michira yoyera n'kuoneka ikuzimirira. Okutobala anatha firiji ili mbee.

Chimene iwo sankadziwa n'chakuti akazi awo ankapita kuchigwa kuja tsiku lililonse dzuwa likapendeka. Poyamba anapita kukaona chimene anawononga, ndiponso kuti akalire kopanda wowaona. Anaganiza kuti malo atawonongeka kale, lamulo lija lilibenso ntchito. Kenako chinangokhala chizolowezi. Ankavala chikhothi chawo chachikasu, n'kumayenda akuimba nyimbo za kwaya, nakakhala pa chitsa china chachikulu, kupuma pang'ono, n'kubwerera. Zimene ankaona kumeneko sankauza munthu, poti pakhomopo dzina la chigwacho linali losatchulidwa.

Lachinayi la sabata yomaliza, mphepo inaomba molakwika kwa munthu wofuna kukhala pa kadimba kaja. A Arvid anazungulira ndi msewu wa thalakitala, nakwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa phiri. Anakhala pansi atatsamira mtengo wa thundu, nayang'ana m'chigwamo koyamba chichokereni kuchipatala.

Ankayembekeza kuona bwalo. Anaona thengo. Chitsa chilichonse chinali chitatulutsa mphukira zambirimbiri, zina zofika m'chifuwa, ndipo nsonga zake zinali zobudulidwa ndi mano. Pamene kale panali mthunzi, dzuwa linali litameretsa minga ya mabulosi ndi udzu wautali. Nthambi zimene a Lyle anachita nazo ulesi n'kuziunjika apa ndi apo zinali zitakutidwa ndi zomera. Pakati pa zonsezo panaima nswala zazikazi zingapo, zikudya mosatekeseka.

Kenako anamva nyimbo. Chikhothi chachikasu chinatulukira kumunsi, chikuwala ngati nyali, ndipo mphepo inali kumbuyo kwake, ikunyamula fungo la sopo uja kulunjika kumene kunali nyamazo. A Arvid anagwira mpweya. Nswala zinadzutsa mitu, zinagwedeza makutu, n'kusuntha pang'ono kulowa m'ziyangoyango, ngati anthu opatukira galimoto yomwe akuidziwa. A Noreen anakhala pachitsa chawo, anamaliza ndime, napukuta maso ndi dzanja. Atanyamuka, nyimbo isanazimirire n'komwe, nswala zija zinabwerera pa mphukira zomwe zija.

A Arvid anasuntha mwendo umene unachita dzanzi. Kamphepo kanatembenuka. Nswala yaikulu pagululo inaponda pansi ndi phazi, inafwenthera, ndipo chigwa chonse chinangoti yoyoyo, michira m'mwamba. Zinathawa munthu wosamba sopo wopanda fungo.

Anafika kunyumba akazi awo akukulunga makapu m'manyuzipepala. Mabokosi anali atandandalika m'khonde.

"Ndinakuonani kuchigwa," anatero ali pakhomo, nsapato asanavule.

A Noreen sanatembenuke. "Ngati mwabwera kudzandikalipira, fulumirani. Masiku atsala ochepa."

"Sizinakuthaweni."

"Zindithawe chifukwa chiyani? Ine ndilibe nazo mlandu. Yaikulu ija imandiyang'ana ngati mayi wa pa positi ofesi, basi."

A Arvid anavula chipewa n'kumachipinda m'manja. "Alenje amati nswala sidziwa kuwerenga. Anthu akalowa awiri m'thengo, mmodzi n'kutuluka akuchita phokoso, iyo imati onse apita. Ndimati mwina Loweruka mukanandiperekeza."

Apa a Noreen anatembenuka, kapu ili m'manja. "Oho! Ndiye ndakwezedwa pantchito. Ndinali fungo loipa, pano ndasanduka nyambo."

"Si choncho."

"Nanga n'chiyani? Mukufuna ine kapena mukufuna nyama? Nenani bwinobwino, ndine wamkulu, sindikomoka."

A Arvid anaika chipewa patebulo. Kwa munthu ngati iwo, kunena mawu otsatirawo kunali kovuta kuposa kukwera phiri lija ndi bondo lachitsulo.

"Nditakhala pamwamba paja ndinaona kuti chamoyo chilichonse pamalo pano chinakuzolowerani. Chatsala chitsiru chimodzi chokha. Mawu aja ndinanena, otchula Bernice, anali oipa, ndipo ndakhala ndikuchita nawo manyazi tsiku lililonse. Bernice sankakhudza mitengo ija chifukwa analibe nayo ntchito. Inu munaikhudza chifukwa mumaganizira bondo langa. Ndikanakuuzani kuti mitengoyo ndi yachiyani. Sindikufuna kuti mupite, Noreen."

A Noreen anakulunga kapu ija mosamala, naiika m'bokosi.

"Miyezi yonseyi mawu amenewa anali kuti?"

"Anali momwemu. Amakana kutuluka."

"Achimwene akubwera Loweruka madzulo."

"Loweruka mphepo idzachokera kumadzulo. Ndi yabwino."

"Ndiona," anatero a Noreen, natenga kapu ina.

Loweruka litafika, a Arvid anavala zovala zawo za m'bokosi la masamba, natenga uta, naima pabwalo osadziwa ngati adikire kapena ayi. Chitseko chinatseguka. A Noreen anatuluka atavala chikhothi chachikasu, akununkhira sopo wa maluwa kuposa masiku onse.

"Ndasamba kawiri," anatero. "Mukadandaula ndibwerera."

"Sindinanene kanthu."

Anayenda limodzi, a Noreen kutsogolo, amuna awo pambuyo akuponda momwe mwapondedwa kale. Ali m'njira, a Arvid anayamba kulankhula, motsitsa mawu. Anawaonetsa kamtengo kosupuka khungwa pamene yamphongo inanola nyanga. Anawaonetsa pansi pokandidwa ndi ziboda, ndi kanjira kopapatiza kochokera m'chigwa kupita ku kadimba ka kolova. Anafotokoza chifukwa chimene anadzalira kolovayo kumeneko osati kufupi ndi msewu, ndi mmene mtengo umadulidwira kuti ugone osafa.

"Ndiye pakamwapa pamatuluka mawu ndithu," anatero a Noreen. "Mukanandiuza zonsezi kale, bwenzi achimwene atasunga mafuta a macheka awo."

"Ndiye bwenzi mphukirazi kulibe. Zikuzikonda kuposa kolova wanga yemwe. Zimandipweteka kunena."

"Nenaninso, sindinamve bwino."

Atafika pa mulu wina wa nthambi, a Arvid anazembera kuseri kwake, nakhala pa kampando kopinda, muvi uli pa uta. A Noreen anapitirira osacheuka, anayamba nyimbo, nakakhala pachitsa chawo monga mwa masiku onse. Atamaliza ndime ananyamuka n'kubwerera, akuimba mokweza mpaka pabwalo.

Anapeza galimoto ya a Lyle itaima kale, chitseko chakumbuyo chili chotsitsa, bokosi limodzi litakwezedwa.

"Alamu ali kuti? Abisala kuti asanyamule?" anafunsa a Lyle.

"Ali kuchigwa. Siyani kaye mabokosiwo, imwani khofi."

"Kuchigwa? Kumene ndinapalamula kuja? Ndiye ndiimike galimoto moyang'ana kumsewu. Munthu uja ali ndi uta."

Anakhala pakhonde ndi makapu awo. A Lyle anasimba za mnzawo wina wa ku La Crosse amene anagula bwato lobooka, koma anaona kuti akulankhula okha. Mlongo wawo maso anali kuchigwa, khofi akuzirala m'manja.

"Achemwali, ndinyamule kapena ndisanyamule? Banja ndi anthu awiri, ine sindikufuna dzina la kapasule. Chaka chino ndapasula kale zokwanira."

"Dikirani."

Dzuwa lisanafike pamutu pa phiri, a Arvid anatulukira kuseri kwa munda, akutsimphina mofulumira kuposa mmene dokotala akanalolera. M'dzanja limodzi munali uta, m'linalo muvi wofiira mpaka kunthenga. A Noreen anaimirira, khofi n'kutayikira pachikhothi.

"Mwalasa?"

"Yaikazi yonona bwino. Sinavutike, yagwa ndikuiona. Nyimbo yanu isanathe n'komwe zinali zitatuluka."

"Osati mayi wa pa positi ofesi uja?"

"Ayi. Uja ndamusiya. Ndi mnzanu."

"Nanga ya khutu long'ambika ija, alamu?" anafunsa a Lyle. "Ija munkandiimba nayo mlandu?"

"Ilipo. Ndaiona ndi maso angawa, yaima kumtunda, kutali koti muvi sungafike." A Arvid anapuma, akuyang'ana bokosi limene linali m'galimoto, kenako akazi awo. "Ija ndi yochenjera. Siingatheke tsiku limodzi. Ikufuna munthu wondiperekeza mawa, ndi mkuja, mwina mpaka chipale chigwe. Mwinanso chaka chamawa."

"Mukapanda kuipha chaka chamawacho?" anafunsa a Noreen.

"Ndiye chaka chinacho. Maso anga sakuonanso bwino, ndikhoza kumaiphonya nthawi yaitali."

A Noreen anapukuta khofi pachikhothi, akulimbana ndi kumwetulira. "Chipale chikayamba kusungunuka mudzandiphunzitsa kudula mitengo kuja, kogoneka osapha. Tidzakonza mbali yakumtunda, zipeze pogona. Koma chitsa chija ndi changa. Wina asadzachikhudze."

"Chigwa chonse ndi chanu."

"Ndati chitsa, Arvid. Musayambe kulonjeza zinthu ngati wandale." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achimwene, tsitsani bokosilo. Galimotoyi ikufunika kuchigwa kusanade."

A Lyle anaomba m'manja kamodzi. "Onani zanga! Ndinabwera kudzatenga mlongo wanga, ndikukanyamula nyama ya eni. Mwendo umodzi ndi wanga, alamu, ndi nkhuni zodzaza galimotoyi. Ndinazidula ndine."

"Mwendo tengani," anatero a Arvid. "Nkhuni zisiyeni. Tiyamba kusonkha lero lomwe."

Amuna awiriwo anakwera galimoto n'kulunjika kumunda, akukanganabe za nkhuni. A Noreen ananyamula bokosi lija kulowa nalo m'khitchini, nadula chingwe ndi mpeni. Pamwamba penipeni panali sopo wawo wa maluwa. Anamuchotsa m'pepala, namuika pambali pa mpopi, pafupi ndi sopo wopanda fungo uja, n'kutuluka kukatenga nkhuni.